Ula wa ku London pakhonde la Ambuya

Ndi Loweruka dzuwa litapendeka ku Chinyunyu, m'boma la Rufunsa, dziko la mfumu Bunda Bunda. Malole akumveka kulira pa Great East Road. Ambuya aNaphiri, Mchewa wa ku Katete amene anadzakwatiwa kuno kwa Asoli dziko lisanalandire ufulu, ali pamphasa kutong'ola chimanga. Mdzukulu wawo Misozi, amene anaphunzira pa UNZA ndipo amakhala ku Kalingalinga, wayala kansalu pambali pawo, akusakaniza makadi.

AMBUYA: Iwe mkazi mnzanga, fumbi la m'basi lisanachoke kumapazi wayamba kale njuga? Ndi zimene munkaphunzira ku yunivesite?

MISOZI: Si njuga iyi, Ambuya. Awa amatchedwa makadi a tarot. Munthu akakhala ndi nkhani yomusowetsa tulo amasankhapo makadi angapo, ine n'kumumasulira zithunzizo.

AMBUYA: Oho, ula.

MISOZI: Si ula. Ndi njira yothandiza munthu kuti aganize mofatsa za moyo wake.

AMBUYA: Amabwera nkhope ili yakugwa?

MISOZI: Ambiri, inde.

AMBUYA: Amasiya kangachepe?

MISOZI: K50 basi, pa Airtel Money.

AMBUYA: Iwe n'kumwaza tinthu tako pansi, n'kutiyang'anitsitsa, n'kupukusa mutu, kenaka n'kunena kuti ukuona ulendo?

MISOZI: Nthawi zina ulendowo umaonekadi.

AMBUYA: Koma abale! Tinagulitsa ng'ombe ziwiri kuti banja lino likhale ndi munthu wa mu ofesi, tatulukira ndi sing'anga wa digiri. Kaya, n'zabwinonso. Sing'anga sindinamuonepo akuyenda ndi envulopu kufuna ntchito.

MISOZI: Musaseke, Ambuya, makadiwa ali ndi mbiri yake. Anayambira ku Italy, m'mizinda ya Milan ndi Ferrara, cha m'ma 1440.

AMBUYA: Ankaombezera mafumu a kumeneko?

MISOZI: Ayi, poyamba anali ongosewerera. Anthu olemera ankasewera nawo pocheza.

AMBUYA: Ndiye ndinalasa poyamba pomwe paja. Njuga.

MISOZI: Zoombezazi zinabwera mochedwa, ku France. Mu 1781 bambo wina dzina lake Court de Gébelin analemba m'buku lake kuti m'makadimu munabisika nzeru za ansembe akale a ku Egypt.

AMBUYA: Iyeyo anali wa ku Egypt?

MISOZI: Ayi. Ndipo zolemba zakale za ku Egypt sankatha kuziwerenga. Nthawi imeneyo padziko panalibe amene ankatha.

AMBUYA: Hehede! Kani azungu nawonso sing'anga wawo wamphamvu amachokera kutali? Ife kuno timati woopsa ndi wa ku Malawi. Ukapita ku Malawi amati ndi wa ku Mozambique. Wa ku Mozambique akadwala amakwera basi kubwera kuno. Palibe amene amakhulupirira sing'anga amene anamuona akukodza pamphasa ali mwana. Nanga akowa, ndi a ku Egypt konko?

MISOZI: Awa anatuluka ku London mu 1909. Zithunzi zake anajambula ndi mayi wina, Pamela Colman Smith.

AMBUYA: Pamela yemwe uja wa ufa wa m'timapulasitiki?

MISOZI: Wina, Ambuya. Onse pamodzi makadiwa alipo 78.

AMBUYA: 78! Malume anga ku Katete ankaombeza ndi kansupa kamodzi ndi kagalasi kosweka, koma anthu ankachoka mpaka ku Chadiza kudzagona pabwalo pawo. Tabweretsa kuno. Undiombezere ine.

MISOZI: Aa, Ambuya, inu a Chigwirizano?

AMBUYA: Yunifolomu ndachapa, ili pachingwe kuseri uko, siikuona. Yala.

(Ambuya apukuta manja pachitenje, asolola khadi limodzi n'kuligwetsa chagada. Misozi aliona, aliphimba ndi dzanja msangamsanga.)

MISOZI: Limeneli laterereka lokha. Sankhaninso lina.

AMBUYA: Chotsa dzanja. Uyu ndani wowonda chonchi pakavalo woyera? Kwawo kulibe nsima?

MISOZI: Ili ndi khadi nambala 13. Limanena za... kusintha. Chinthu china chimatha kuti china chatsopano chiyambe. Ndi khadi labwino ndithu, Ambuya. Taonani kadzuwa ako kumbuyoko.

AMBUYA: Nanga uyu wagona pansi pa miyendo ya kavaloyu, chisoti chitagwera apo, akuothera dzuwa lomwelo?

MISOZI: Ameneyo... akupumula.

AMBUYA: Misozi, maso anga atha koma chigaza ndimachidziwa. Chimakhala pabotolo la mankhwala opopera thonje. Iyi ndi imfa.

MISOZI: Dzina lake ndi lomwelo, koma tanthauzo lake...

AMBUYA: Ndiye ukunjenjemeranji? Ine Welensky wa nthawi ya atsamunda ndinamumva pa wailesi ndili mtsikana. Kaunda wapita ndili pano. Mwamuna wanga ndinamuika, anzanga onse a m'chinamwali anatsogola. Pa makadi ako onse 78, lokhali ndi limene silinganame pa ine. Likanatuluka la ukwati bwenzi ndikuti bweza ndalama zanga.

MISOZI: Simunalipire.

AMBUYA: Ndi mwayi wako.

MISOZI: Koma nkhani yake ndi yomweyi, Ambuya, imene ikundiwawitsa mutu. Ife owerenga makadi sitigwirizana. Ena amati chimene waona nena, ngakhale chiwawe, chifukwa munthu wabwera kudzamva zoona. Ena amati munthu asachoke pamaso pako mtima utasweka, umupatse pogwira. Amati ukauza munthu kuti kukubwera tsoka, mantha okhawo amamudwalitsa.

AMBUYA: Apo sananame. Ndinaona mwamuna wathunthu, wokwera chitunda ndi matumba atatu a makala panjinga, atauzidwa ndi woombeza kuti mvula ya chaka chamawa saiona. Anasiya kudya, n'kuwonda, mpaka ana ake anamunyamula kupita naye ku St Luke's ku Mpanshya. Anamupima ponseponse n'kumupeza ndi njala basi.

MISOZI: Anamwalira?

AMBUYA: Alipo, wakwatiranso. Woombezayo ndiye anamwalira. Koma tandiuza, iwe mwini wake umakhulupirira kuti timapepalati timadziwa za mawa?

MISOZI: Kunena zoona, ayi. Makadi sadziwa kanthu. Chimene amachita n'kumasula munthu pakamwa. Akaona chithunzi amayamba kulankhula zimene wakhala akuzisunga.

AMBUYA: Anthu akowo umawauza zimenezo?

MISOZI: Ndinalemba pa WhatsApp panga, m'munsi, kuti n'zongosangalatsa.

AMBUYA: M'munsi. Tilembo ting'onoting'ono tija ta anthu okongoza ndalama. Chabwino, tisiye kaye pamenepo. Iwe sunakwere basi kuchoka ku Lusaka chifukwa cha mkangano wa anthu a m'foni. Tulutsa nkhani.

MISOZI: Pali mtsikana wina wa ku Mtendere. Amabwera mwezi uliwonse akalandira. Funso lake ndi limodzi lomwelo: chibwenzi chake, chimene chimagwira ntchito kumigodi ku Solwezi, chidzamukwatira liti? Mwezi wathawu anasolola ili.

AMBUYA: Tione. Mtima, malupanga atatu aulasa, kumwamba mvula ikugwa. Ili ngakhale mbuzi ingamasulire. Unamuuza chiyani?

MISOZI: Ndinati mtima wake uli m'nyengo ya kukula.

AMBUYA: Kukula! Ee, chinthu chikalasidwa katatu chimatupadi.

MISOZI: Ambuya, si zoseketsa. Choipa n'chakuti ine ndikudziwa. Mnyamatayo anamuchitira chilanga mulilo, mwambo uja wophikira mkamwini ukwati ukayandikira, ku Kitwe, a kubanja la mkazi wina. Zithunzi ndinaziona pa Facebook ya mnzanga wa kusukulu: mapoto m'mizere, ng'oma, iye ali pampando akumwetulira.

AMBUYA: Mwini wake sanazione?

MISOZI: Mnyamatayo anamuuza kuti mkazi wabwino sakhala pa Facebook.

AMBUYA: Wochenjera mwana wa mwini. Iwe unaziona liti?

MISOZI: Mu Febuluwale.

AMBUYA: Uno ndi Julayi. Ndipo mwezi uliwonse K50 ikugwa m'foni, ti!

MISOZI: Sindikuchitira ndalama. Amachoka akumwetulira. Amati ndine ndekha amene ndimamukhazika mtima pansi. Ndikamuuza akomoka. Iye amatumizira mnyamatayo ndalama, anamugulira ndi foni yomwe pangongole.

AMBUYA: Kumwetulira n'kosavuta kugula. Mvula ya 2023 isanayambe, a zanyengo ananena pa wailesi kuti chaka chino ichepa. Tinawatukwana kuti akutilodzera minda. Mneneri wina wa m'tenti anati Mulungu wamuonetsa nkhokwe zosefukira, tinamuombera m'manja, ine ndinaperekanso tambala. Pa 29 Febuluwale 2024 a Pulezidenti akulengeza kuti chilala chagwetsa dziko m'tsoka, chimanga changa chinali chitauma chilili. Tinkakapempha kwa amene anamvera a zanyengo n'kubzalako mapira. Wakutsina khutu ndi mnansi, mwana iwe. Tambala wanga mpaka lero ndimamulira.

MISOZI: Ndiye khadi lija ndikanalimasulira bwanji?

AMBUYA: Pinda kansaluko. Apa palibe za ula. Ula ndi wa zinthu zimene anthu sakuzidziwa. Ichi wachiona ndi maso ako, mapoto ndi ng'oma zomwe, ndiye ukubisala kumbuyo kwa mayi wa ku London uja.

MISOZI: Komatu inu akuluakulu ndi amene munatiphunzitsa kunama kotere! Ambuya aamuna atamwalira munatiimbira foni kuti, "Akudwala kwambiri, bwerani msanga." Ife tinagula malalanje ndi maheu. Tikufika pano, moto wa maliro uli kale pabwalo, amuna ali panja.

AMBUYA: Malalanjewo tinadya, sanaonongeke.

MISOZI: Koma linali bodza.

AMBUYA: Khala bwino ndikuuze. Amayi anga atamwalira ku Katete kunalibe mafoni. Anatuma msuweni wanga. Anafika pano, tinamupatsa mpando, anamwa madzi, tinafunsana za mvula ndi za mbuzi. Kenaka anati, "Amayi atopa, akukufunani." Ine mtima pomwepo unati phwii, chifukwa munthu saotcha ndalama ya basi kudzanena kuti nkhalamba yatopa. Tikuoloka mlatho wa Luangwa ndinali nditayamba kudziwa. Pa Nyimba anandigulira nthochi, zinandikanika kumeza. Pa Petauke ndinamufunsa kuti, "Adya liti komaliza?" Iye anangoyang'ana pawindo. Pofika kumudzi ndinali nditalira kale chamumtima njira yonse, ndipo pamene miyendo inandithera ndinagwera m'manja mwa azakhali anga, osati pamsewu pakati pa anthu osandidziwa. Bodza limenelo linali ndi pothera. Linayenda nane tsiku limodzi n'kukanditula pa zoona, pali anthu ondigwira. Msuweni wanga ankadziwa kuti ndikudziwa, inenso ndinkadziwa kuti akudziwa. Nanga basi imene wamukweza mwana wa eni akeyo ikafika liti?

MISOZI: (chamunsi) Ilibe kofikira.

AMBUYA: Ndipo kondakitala akulipiritsa mwezi uliwonse.

MISOZI: Chabwino, ndamva. Kuyambira lero ndizinena zonse mosabisa. Khadi likati imfa, imfa. Likati mdani, ndizimuuza munthu kuti muli ndi mdani, samalani.

AMBUYA: Iii, tsopano ndiye wafika koopsa. Zoona za ndani? Si iwe wanena pompano kuti makadi sadziwa kanthu? Woombeza wonena kuti "ine sindibisa mawu" ndi amene ife nkhalamba timagona naye maso. Akati, "Ndikuona mayi wachikulire wapafupi nanu," m'mudzi muno mayi wachikulire wa maso ofiira ndi utsi ndani? Ndine. Ku Chiawa, kumunsi uko ku Zambezi, cha m'ma 1995 kunabwera wina wotchedwa Chaka. Ankaloza anthu poyera n'kuwamwetsa mankhwala ake oyesera ufiti. Anthu 16 anapita. Chimene chinkamaliza achinyamata nthawi imeneyo inali Edzi, koma zoona zimenezo panalibe wofuna kuzilipirira nkhuku.

MISOZI: Zaka zomwezo ku Malawi kunachitika zosiyana. Mu 1995 ku Machinga, a Billy Chisupe anati alota mankhwala ochiza Edzi. Anthu miyandamiyanda anapita kukamwa mchape wawo n'kubwerera kwawo mitima ili m'malo.

AMBUYA: Ee. Uko anatonthozedwa, ku Chiawa analozedwa, manda anadzaza konsekonse.

MISOZI: Kuloza munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, Ambuya. Lamulo la za ufiti la 1914 lija likadalipo, ndipo likugwirabe ntchito. Amuna awiri aja anagwidwa ku Lusaka mu Disembala 2024 ali ndi nanzikambe wamoyo, akuti ankafuna kulodza Pulezidenti Hichilema, mu Seputembala 2025 khoti linawapatsa zaka 2.

AMBUYA: Ndinamva pa wailesi. Ine chinandidabwitsa n'chakuti anthu odziwa zobisika sanadziwe kuti pakhomo paima apolisi. Nanga nanzikambeyo anamupatsa zingati?

MISOZI: Iye anali umboni chabe.

AMBUYA: Wosauka. Kuyenda konse kuja mosamala, n'kukathera kukhoti.

MISOZI: Ndiye malume anu aja ankatani? Ankanama, kapena ankanena zoona?

AMBUYA: Ankamvetsera. Anthu akafika madzulo ankawauza kuti ula sugwira usiku, gonani. Usikuwo akazi awo ankaphikira alendowo n'kumacheza nawo pamoto. Ine ndinkatumidwa kuchitsime pamodzi ndi ana a alendowo, ndipo mwana pachitsime sasunga kanthu. Pofika m'mawa malume akudziwa kale kuti m'banjamo muli mkangano wa ng'ombe za malemu, kuti wamkulu anadya yekha. Ndiye akayang'ana m'kagalasi muja sankanena kuti "mkulu wako ndi wakuba," chifukwa madzulo ake kukanagwa nkhwangwa. Ankati, "Mzimu wa atate anu ukudandaula kuti ana ake sadyera pamodzi. Fululani mowa, muitane onse, ng'ombe zija muziwerenge pamaso pa anthu." Wakubayo ankamva, oberedwawo ankamva, mlandu n'kugwera munthu wakufa, amene palibe angamumenye.

MISOZI: Nanga akabwera wodwaladi?

AMBUYA: Akaona munthu akutsokomola magazi ankati, "Ichi ula wakana, pitani kuchipatala ku St Francis." Nkhuku ankalandira ndithu, sindikunamiza, koma ankawatumiza.

MISOZI: Ndiye mphamvu sizinali m'kagalasi.

AMBUYA: Kagalasi kanali kometera ndevu.

MISOZI: Zikufanana ndi zimene tinawerenga kusukulu. Ku America mphunzitsi wina, Bertram Forer, anayesa ophunzira ake mu 1948. Anawauza kuti aliyense amulembera za khalidwe lake payekha. Onse anawapatsa pepala la mawu ofanana, koma ambiri anati, "Uyu ndine ndendende."

AMBUYA: Anavutikiranji ndi mapepala? Kaime pamsika wa Chongwe ukuwe kuti, "Pali wachibale amene sakondwa ukamapita patsogolo," uone ngati pali amene apitirire osatembenuka. Tabweretsa makadiwo. Wandiombezera, nane ndikuombezere.

MISOZI: Inu simudziwa matanthauzo ake.

AMBUYA: Wa ku France uja ankadziwa? Sankha awiri.

(Misozi asolola makadi awiri akuseka. Ambuya awayandikiza kumaso, awatalikitsa, awayandikizanso.)

AMBUYA: Hmm. Apa pali nyumba yaitali, mphezi yaimenya, anthu awiri akugwa chamutu. Apa pali mnyamata wovala zamaluwamaluwa, kaphukusi paphewa, maso kumwamba, phazi lili m'mphepete mwa phompho. Kagalu kakumuuwa, iye osamva. (Atsinzina, ayamba kugwedezeka, mawu akulitsa.) Ndikuona ofesi. Ndikuona kalata. Ndikuona munthu akutuluka pakhomo atanyamula katoni, mwezi wa Epulo. Ndikuona munthu yemweyo akudzuka m'mawa uliwonse, kusita, kuvala bwino, kutuluka ndi chikwama kuti anansi asadziwe. Amayi ake akaimba foni amati, "Ndili pamsonkhano, ndikuimbirani."

MISOZI: Mayo! Ambuya! Zimenezo mwaziona m'makadimo?

AMBUYA: Ndaziona m'thumba la shuga. Ukugwira ntchito unkabwera pakutha pa mwezi, ndi shuga wa makilogalamu 2, mafuta ophikira ndi sopo. Lero wabwera pakati pa mwezi ndi kashuga kokwana tiyi wa alendo awiri. Nsapato zako zatha kumbali imodzi, ndiye kuti ukuyenda pansi. Nditanena za envulopu unayang'ana nkhuku.

MISOZI: Nanga za Epulo? Za katoni?

AMBUYA: Amayi ako aang'ono anandiimbira Lachitatu.

MISOZI: Ndiye mwakhala mukudziwa tsiku lonseli osanena kanthu?

AMBUYA: Ndimadikira udye kaye. Munthu wanjala sauzidwa nkhani, amangomva theka.

MISOZI: (misozi ikulengeza) Kontrakiti inatha, Ambuya. Bungwe lathu linati ndalama za akunja zasiya kubwera, tonse anatipatsa makalata tsiku limodzi. Makadiwa ndi amene akulipira lendi.

AMBUYA: Ukufuna ndikuuze kuti ndi kusintha, kadzuwa kali kumbuyo?

MISOZI: Ayi... Kapena pang'ono pokha.

AMBUYA: Tamvera. Ntchito yatha, ndipo ina mwina sibwera chaka chino. Anzako a madigiri ndimawamva akugulitsa zovala za salaula. Chimenecho n'choyamba. Chachiwiri, nkhokwe iyo yadzaza, chipinda cha malemu ambuya ako chilipo, ndipo amayi ako adzakalipa masiku awiri n'kusiya, ndikuwadziwa, ndinawabala ndine. Pa zonsezi palibe chimene ndakometsera. Wamva kupepuka kapena ayi?

MISOZI: Pang'ono.

AMBUYA: Pang'ono pomwepo ndi pamene unapempha. Pukuta m'maso, ukundinyowetsera chimanga.

MISOZI: Ndiye mtsikana uja ndimuimbire pompano? Netiweki imagwira pachulu paja.

AMBUYA: Pa foni ayi. Nkhani yotere siuzidwa munthu ali yekha m'chipinda, usiku ukubwera. Lolemba ukwere basi. Ali ndi mkulu wake?

MISOZI: Ali naye, amakhala ku Chawama.

AMBUYA: Uyambire kwa ameneyo, mupitire limodzi. Makadi usiye kuno, ndikusungira. Ukafika ukhale pansi, umwe madzi, ufunse za kuntchito. Kenaka unene kuti, "Lero ndabwera ngati mnzako, pali chimene ndinaona ndi maso anga," umuonetse zithunzizo. Usakaonjezere zako, zoti mnyamatayo ndi galu, zoti upeza wina wabwino. Sukudziwa ngati apeza. Akakufunsa kuti unadziwa liti, unene kuti mu Febuluwale.

MISOZI: Anditukwana.

AMBUYA: Ulandire, matukwano ena pamenepo ndi akodi. Ndipo ndalama zonse zimene wapereka iwe utadziwa kale, umubwezere m'manja.

MISOZI: K250 ndiitenga kuti, Ambuya? Ya basi yomwe ndachita kukongola.

AMBUYA: Mtedza uwo m'thumba. Mawa tikaweruka kutchalitchi ukakhale nawo pamsewu, a magalimoto a ku Chipata amagula.

MISOZI: Ine, wa digiri, kugulitsa mtedza pamsewu?

AMBUYA: Digiriyo idzakuthandiza kuwerenga chenji. Uvale chipewa changa, anzako a ku UNZA akadutsa adzayesa ndine.

MISOZI: Nanga makadiwa, ndisiyiretu?

AMBUYA: Zimenezo ndi za iwe ndi abusa ako. Koma ngati upitiriza, tilembo tija uzitinena ndi pakamwa munthu asanatumize ndalama. Wobwera ndi chotupa umutumize kuchipatala. Wobwera dzina la mdani lili kale m'kamwa, umubwezere K50 yake pakhomo pomwepo, asakhale n'komwe pansi.

MISOZI: Ndamva, Ambuya.

AMBUYA: Sunamve zonse. Ine ndakuombezera, ndipo zanga zonse zalasa. Airtel Money ndilibe, ndiye tenga zigubu ziwirizo ukanditungire kukasupe wa madzi otentha kuja. Msana uwu ukufuna kuthowa dzuwa lisanalowe, ndipo ufulumire, akazizira panjira ubwereranso.